Zaka Zinayi za a Wendell Prewitt

Fayilo ya a Wendell Prewitt itafika pa desiki yanga, ndinayesa kuti alembi aphatikiza mapepala a anthu atatu. Munali makoleji khumi ndi atatu m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi: Arkansas kawiri, Louisiana, Ohio, Texas katatu, ndi malo ena oti ngakhale eni ake amachita kupepesa powatchula. Paliponse udindo unali womwewo: wothandizira kochi wamkulu wa mpira wa ku America, woyang'anira anyamata akutsogolo, zimphona zija zimene sizigwira mpira koma zimakankha anthu kuti ena adutse n'kukatchuka. Ife a koleji ya Tallow Creek tinali malo awo a khumi ndi chinayi.

Ine ntchito yanga ku ofesi ya zamasewera ndi kuona kuti makochi akutsatira malamulo a bungwe. Malamulowo ali m'buku lonenepa limene limanena kangati kochi angaimbire foni mwana wa sekondale, tsiku liti angamuyendere, ndipo patsala pang'ono kuti lizinenanso kutalika kwa moni. Makochi amanditcha Loya, ngakhale kukhoti ndinangopitako kamodzi, pa nkhani ya galu wa mnansi wanga.

A Prewitt anabadwira ku Arkansas, m'tauni ya fakitale yophera nkhuku, kumene bambo awo anagwira ntchito mpaka zala zinapindika. Anakula thupi msanga, ndipo kwathu kuno mwana wa mmphawi akakula thupi msanga timamuveka chisoti cha mpira. Anasewera zaka ziwiri kukoleji, chaka chachitatu bondo linaphwanyika, ndipo kochi wawo powamvera chisoni anawapatsa ntchito yonyamula matepi a kanema. Pabwalo sanachokeponso.

Wothandizira kochi si munthu wa koleji kwenikweni. Amabwera ndi kochi wamkulu ngati katundu wake. Wamkuluyo akaluza, amachotsedwa ndi gulu lake lonse, odziwa ntchito ndi osadziwa omwe. Akapambana kwambiri, koleji yaikulu imamutenga, iye n'kusankha atatu opita nawo, otsalawo n'kuyamba kuimba mafoni. Kuluza kumakusamutsa, kupambana nako kumakusamutsa. Pobisalira pake ndi pakatikati, koma pamenepo sipakhalitsa munthu, chifukwa amalonda amene amamangira koleji mabwalo amatopa napo msanga. Akazi awo, Mayi Glenda, anali namwino, ndipo anali ndi ziphaso za unamwino za zigawo zisanu ndi ziwiri. Mwana wawo wamkazi anaphunzira masukulu khumi, ndipo atakula anakwatiwa ndi mlimi, ati chifukwa munda susamuka.

Chimene chinkawapezetsa ntchito ina nthawi zonse sichinali nzeru za pabwalo, ngakhale anali nazo. Inali mphatso ya pabalaza. Nyengo ya mpira ikatha, makochi amayenda m'makomo kukakopa ana omaliza sekondale. Mwana amakopeka ndi yunifolomu ndi kukula kwa bwalo, koma mawu omaliza amakhala a mayi ake, ndipo a Prewitt ankadziwa kukhala m'nyumba ya mayi. Ankavula chipewa akadali pakhonde, ankadya chilichonse chimene apatsidwa n'kupempha chowonjezera, ndipo pomaliza ankanena mawu awo: "Mayi, mukandipatsa mwanayu ndikhala naye zaka zinayi zonse, ndipo pa Tsiku Lotsanzika ndidzakubwezerani ndi manja anga awa."

Tsiku Lotsanzika ndi la masewero omaliza a pakhomo. Mpira usanayambe, anyamata a chaka chomaliza amaitanidwa mmodzimmodzi, amayenda pabwalo atagwirana ndi makolo, mayi amalandira maluwa, ndipo kochi wa mnyamatayo amaima pakati n'kupereka jezi yake yoikidwa m'felemu. Ndi mwambo wa mphindi imodzi pa mwana aliyense.

Mawu ajawa anali atawanena m'mabalaza oposa zana, ndipo ankawanena ndi mtima wonse, ndiye vuto lake. Malo amene anakhalitsa kwambiri anakhalako zaka zitatu kusowa mwezi. Pa Tsiku Lotsanzika anaimapo kambirimbiri, koma akubweza ana okopedwa ndi makochi ena amene anachoka kale, kwa amayi amene ankawayang'ana ngati munthu wolowa ukwati wa eni. Ana awo enieni, amene anawadyera nkhuku m'makomo, ankabwezedwa ndi alendo kwinakwake. Anandiuza zimenezi okha sabata yawo yoyamba, ndikuwasayinitsa mapepala. Anati palibe ngakhale mmodzi. Anati safuna chikho, safuna kukhala kochi wamkulu, zimenezo anasiya kale kuzilota; akungofuna mwana mmodzi, kuyambira pabalaza mpaka pakati pabwalo.

Mwanayo anamupeza ku Belzoni, kudera la madamu a milamba. Dzina lake linali Tavarius Gholston, thupi ngati chitseko cha galaja, ndipo makoleji aakulu anamudumpha chifukwa anali wonenepa ndi waulesi. Fomu ya ulendowo ndikadali nayo: mphindi makumi asanu ndi anayi, chakudya mlamba wokazinga ndi masamba ophikira nkhumba, mphatso palibe. Zimene fomuyo sinalembe ndi zoti Mayi Earline Gholston, amene ankaphika pa sukulu ya pulaimale, sanawalole kumaliza mawu awo.

"Musavutike, a Kochi, ndikudziwa kumene akuthera. 'Ndi manja anga awa.' Munawanena kwa mchemwali wanga ku Greenwood, ine nditaima pakhomo la khitchini. Cedric mukumukumbuka?"

"Cedric Mabry. Mwana wabwino, wa mapewa."

"Ameneyo. Munamusiya Khirisimasi yachiwiri. Pano akuyendetsa lole ya mipando, ndipo bondo lake limamuuza za mvula wailesi isananene."

A Prewitt anayamba kufotokoza kuti nthawi imeneyo kochi wamkulu ndi amene anachotsedwa, iwo anangokokoloka nawo. Mayiwo anayankha kuti kochi wamkulu sanadye keke ya mchemwali wawo. Amene anadya ndi a Prewitt, zidutswa ziwiri.

Mnyamatayo anapitiriza kudya ngati nkhani ndi ya munthu wina. Kenako a Prewitt anati, "Mayi, ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Zondichotsa sindingakulonjezeni, si ine wolemba kalata. Koma ndekha sindichoka. Angandiitane ndani, ndekha sindichoka mpaka mwanayu atamaliza."

Mayi Gholston anati amenewo ndi mawu oyamba oona amene kochi ananenapo m'nyumba mwawo, ndipo sanawasangalatse. Komabe mwanayo anabwera ku Tallow Creek.

Mwayi wa a Prewitt unali kochi wathu wamkulu, a Lamar Tuggle, munthu amene Mulungu anamupatsa luso lopambana masewero asanu ndi limodzi n'kuluza asanu chaka chilichonse. Sankanyansa mokwanira kuti achotsedwe, sankakomanso mokwanira kuti wina awasirire. Pansi pa mthunzi umenewu a Prewitt anakhala zaka zitatu zathunthu. Mayi Glenda anayambanso kuloweza mayina a anthu a kutchalitchi, ntchito imene anali ataisiya kale poona kuti n'kutaya mutu.

A Prewitt anamuumba Tavarius ndi chipongwe, monga amachitira makochi akamukonda mwana. Kuchokera pawindo la ofesi yanga ndinkawamva masana aliwonse: "Gholston, ndinaonapo firiji ikutsika masitepe mwachangu kuposa iwe." Mnyamatayo ankayankha kuti firijiyo inkakankhidwa ndi anthu anayi, iye akudzikankha yekha, ndipo ankalandira chilango chothamanga kuzungulira bwalo akuseka. A Prewitt ankamukhazika mpando wakutsogolo m'kalasi, ankadziwa tsiku la mayeso ake aliwonse. Agogo ake atamwalira, a Prewitt anafuna kumuperekeza pa galimoto yawo, ndipo ine ndinatha theka la tsiku ndikufufuza ngati ulendo wa kumaliro si mphatso yoletsedwa. Ndinapeza kuti ndi wololedwa malinga womwalirayo ali wachibale weniweni ndipo fomu yadzazidwa. Pofika chaka chachitatu mafuta anali atasanduka mnofu, ndipo anthu osaka osewera, ovala majekete opanda chizindikiro, anayamba kuima m'mphepete mwa bwalo lathu ndi timabuku m'manja.

Januwale wotsatira, chaka chimodzi chokha chitatsala, foni inalira. Inali koleji yaikulu ya chigawo choyandikana nafe, ija ya bwalo lolowa anthu zikwi makumi asanu ndi atatu, imene imaoneka pa kanema Loweruka lililonse. Ankafuna kochi wa anyamata akutsogolo, pa mgwirizano wa zaka zitatu, ndipo ulendo wokakopa ana ankapita pa ndege. Imeneyo ndi ntchito imene wothandizira aliyense amafa akuilota. Woimbayo anawayamikira kwa mphindi makumi awiri: luso lawo, mbiri yawo, mmene amaumbira ana. Pomaliza, ngati wongokumbukira, anafunsa ngati chimphona chawo chija chili bwino. A Prewitt anati chili bwino, zikomo.

Anaganiza masiku awiri, n'kukana.

A Tuggle atamva anawaitana muofesi n'kutseka chitseko, koma mawu awo sadziwa chitseko. "Wendell, ukanakhala mwana wanga ndikanakukwapula. Ine amene ndikanapita wapansi, ndikanakusiyani nonse muno osatsanzika." Mayi Glenda sanakalipe. Anangoti zaka makumi atatu akhala akusamuka osafunsidwa, ndiye kukhala osafunsidwa si zachilendo. Kungoti ulendo umenewu ndi wokhawo umene akanalongedza akuimba nyimbo.

Kwa Tavarius ndi mayi ake a Prewitt sananene kanthu. Ankati lonjezo ukalisunga sulilengeza, ukalilengeza lasanduka ngongole ya wina.

Pali kachitidwe kamene aliyense wa ntchito yathuyi amakadziwa. Buku limaletsa koleji kulankhula ndi wosewera wa koleji ina, kapena kumutchula pokambirana za ntchito. Sililetsa kulemba ntchito kochi wake. Ndiye ukafuna mwana wa ng'ombe, umagula make, mwanayo n'kutsatira yekha, ndipo palibe amene wanena mawu oletsedwa. A Prewitt anaziona zimenezi zikuchitikira ena kambiri, ndipo ankaziseka. Koma munthu amene wadikira zaka makumi atatu kuti wina amuuze kuti amatha ntchito, tsiku lomuuzalo makutu ake amamva chokhacho.

Patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi, Tavarius analowa muofesi mwanga atawerama kuopa mphuthu ya chitseko, n'kupempha fomu yosamukira. Lamulo limandipatsa masiku awiri a ntchito kuti ndiike dzina lake pamndandanda wa ofuna kuchoka. Silindilola kufunsa chifukwa, kapena kumunyengerera. Limangondiuza kuti ndimuonetse kakanema kofotokoza zotsatira zake, ndipo anakaonera akudya mtedza. Kenako ndinamutengera kwa kochi wake, n'kukhala pakona, chifukwa mwa malamulo athu pa zokambirana zotere pamafunika mboni yoona kuti mwana sakuopsezedwa.

A Prewitt anawerenga fomuyo kawiri. Dzina la koleji silinalembedwepo, koma anafunsa, ndipo mnyamatayo anaitchula mosabisa, akumwetulira: inali koleji yaikulu ija.

"Kochi, mwakwiyanso chani? Si tikupitira limodzi? Munthu wawo anauza msuweni wanga kuti mukubwera, ine ndizingokonzeka. Ndimangodikira kuti mundiuze nokha."

"Ndinakana."

"Munakana chani?"

"Ntchitoyo. Ndinaikana."

"Chifukwa?"

"Chifukwa cha iwe, chitsiru iwe."

Mnyamatayo anayang'ana ine, ngati kuti m'buku langa muli ndime ya zoterezi. Munalibe. Ndiye anafunsa motsitsa mawu, "Nanga bwanji simunandifunse?"

Kenako Tavarius anati fomuyo ikhoza kung'ambidwa, a Kochi akangonena kuti akhale, akhala. Ndinaona a Prewitt akuyeza mawuwo. Ankadziwa bwino kuposa ife tonse zimene zinali uko: madokotala a mawondo, ndalama zoti mayi ake asiye kuimirira pa mapoto a sukulu, ndi maso a matimu aakulu Loweruka lililonse, osati kamodzi pa mwezi monga kwathu. Anati akakhala amuthamangitsa okha ndi ndodo, apite, ndipo asaiwale kuimbira mayi ake Lamlungu. Ine ndinalemba pa fomu ya mboni kuti panalibe kuopseza, ngakhale ndodo inatchulidwa.

Masana omwewo a Prewitt anaimba ku koleji yaikulu ija kunena kuti aganizanso bwino. Mlembi wa kumeneko anawathokoza kwambiri. Anati malowo anapereka kale sabata yatha kwa mnyamata wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma dzina lawo alisunga.

Chaka chachinayi anakhala ku Tallow Creek monga analonjezera, kungoti wolonjezedwayo kunalibe. Popanda Tavarius mzere wathu wakutsogolo unali ngati mpanda wa mapesi, ndipo luso la a Tuggle lokhala pakatikati linawathawa. Tinapambana masewero awiri. Lamlungu lotsatira masewero omaliza, mkulu wa zamasewera anaitana atolankhani n'kunena kuti koleji yaganiza zotenga njira ina. Makochi onse khumi analandira kalata yofanana, yowathokoza chifukwa cha kudzipereka kwawo ndi kuwakumbutsa kubweza makiyi.

Nyengo yathu imatha sabata imodzi makoleji aakulu asanamalize, ndiye kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, a Prewitt anapezeka ali ndi Loweruka la mu Novembala lopanda chochita, ndipo linali Tsiku Lotsanzika la Tavarius. Anabwera kudzandifunsa ngati pali lamulo lowaletsa kupita. Ndinafufuza mokhulupirika, n'kuwauza kuti bukulo silimudziwa munthu wopanda ntchito. Akhoza kupita kulikonse kumene angafune.

Kulowa pabwalo penipenipo inali nkhani ina. Mayi Gholston, amene anali atamva zonse kwa mwana wawo, anawalemba pamndandanda wa abale oyenda naye. Ofesi ya kumeneko inakana: malo ndi anayi, a magazi kapena a ukwati, ndipo kochi wakale wa koleji ina sali m'gulu lililonse mwa awiriwa. Ndinaimbira mnzanga wa ntchito ngati yanga kumeneko, mayi waulemu kwambiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anati nkhaniyo yamukhudza, kenako anandiwerengera ndime yake. Sindinamutsutse. Inenso ndikanawerenga yomweyo, mwina mopanda chifundo chakecho.

A Prewitt anapitabe, ulendo wa maola asanu ndi limodzi, n'kugula tikiti ya mzere wapamwamba kwambiri, kumene osewera amaoneka ngati nyerere zovala zisoti.

Lolemba anabwera kuofesi kwanga ndi makiyi, kompyuta ndi malaya asanu ndi atatu a chizindikiro cha koleji, opindidwa bwino. Ndikuchonga katunduyo, anandifotokozera. Dzina la Tavarius linaitanidwa lachisanu ndi chiwiri, anayenda ndi mayi ake, mchemwali wa mayiwo, mlongo wake, ndi Cedric amene ankatsimphina. Kochi wachinyamata uja anapereka felemu, anajambulitsa, ndipo dzina lina linaitanidwa. A Prewitt anaombera m'manja pamodzi ndi munthu wina woledzera amene anakhala naye pafupi.

Mpira utatha anakumana ndi Mayi Gholston poimika magalimoto. Tavarius anali adakali m'kati ndi atolankhani.

"Mwabwera," anatero mayiwo.

"Ndabwera, Mayi."

"Koma simunandibwezere ndinu."

"Ayi."

"Wandibwezera ndi kamnyamata kaja. Dzina langa kanachita kuwerenga papepala." Kenako anawonjezera kuti sakuwaimba mlandu, ndipo n'zimene zikuwakwiyitsa, chifukwa mlandu wopanda mwini ulibe kokautula. Anawaitanira ku chakudya cha banja, koma iwo anati njira ndi yaitali.

Ndinawafunsa mmene mnyamatayo anasewerera. Anayamba ayang'ana kunja, kubwalo kumene antchito ankachotsa dzina la a Tuggle pamalo awo oimikapo galimoto. Anati amusintha zonse: kaimidwe, kaponyedwe ka manja, phazi loyambira. Zimene anamuphunzitsa zaka zitatu, masana ndi masana, palibe chimene anachizindikira, ngakhale atabwereka magalasi oonera patali kwa woledzera uja.

"Ndiye amuwononga?" ndinafunsa.

"Ayi, a Loya. Akusewera bwino kuposa kale."

Anatenga cholembera pa desiki yanga n'kufunsa kuti asayine pati.